A Tiyese ndi Chitsulo cha M'chiuno Mwawo

Mwezi wathawu panakwana chaka chimwalirireni amalume anga, a Dayitoni, amene anthu a kuno ku Likhubula ankawadziwa ndi dzina loti a Tiyese. Abale tinakumana kuti tikambirane za chiliza. Mmisiri amene tinamuitana kuchokera ku Chitakale anatifunsa ngati tikufuna cha simenti chabe kapena cha matailosi, n'kutitsimikizira kuti matailosi akewo ndi amakono, sasweka, sasuluka, adzakhalapo mpaka zidzukulu za zidzukulu zathu. Kenaka mng'ono wanga anayamba kuseka, nane ndinaseka, mpaka mmisiri uja anakhumudwa poganiza kuti tikunyoza ntchito yake. Sitinamufotokozere. Kufotokoza a Tiyese kwa munthu amene sanawaonepo ndi ntchito ya tsiku lathunthu, ndipo tonse tinali otopa. Akanakhalapo eni manda, akanapempha tailosi imodzi, n'kukaikwirira kuseri kwa nyumba, n'kutiuza kuti tidzabwerenso pakatha mvula zisanu.

Ine ndine Esinati, mwana wa mlongo wawo, ndipo ndi ine amene ndinawasamalira zaka zinayi zomaliza za moyo wawo. Choncho musayembekezere kuti ndiwakometsera. Ndinkawakonda, inde, koma munthu uja ananditopetsa kwabasi, ndipo kutopako sikunandichoke ngakhale iwo anapita. Pamaliro alaliki anati malemuwa anali munthu wodekha. Ine ndinangoyang'ana pansi. Kudekha kwina ndi makani enieni, kungoti mwiniwake sakweza mawu.

Dzina la Tiyese linachokera pakamwa pawo pomwe. Ukawabweretsera chinthu chatsopano, kaya ndi msomali, ndowa ya pulasitiki kapena lata, yankho linali limodzi: tiyese kaye. Kuseri kwa nyumba yawo kunali malo aakulu ngati mphasa zitatu amene sankadzalapo kanthu. Pamenepo ankakwirirapo tizidutswa ta zinthu, chilichonse pansi pa chikhomo chake. Mvula ikatha ankafukula chimodzichimodzi, kuchinunkhiza, kuchitsina ndi chikhadabo, kuchigogoda pamwala, n'kuchibwezera m'dzenje mwake. Ankakonda kunena kuti wogulitsa amachidziwa chinthu kwa tsiku limodzi, pamene dothi ndi chiswe zimachidziwa moyo wake wonse, ndiye wofunika kufunsidwa ndi dothi. Ankanenanso kuti kulimba kwa chinthu sufunsa amene anachipanga, chifukwa kwa mayi aliyense mwana wake ndiye wokongola.

Akazi awo, malemu amayi Agata, anapirira zambiri. Tsiku lina anagula poto watsopano, wonyezimira, m'mawa mwake n'kupeza chogwirira chimodzi chadulidwa ndi sowo, chili kale pansi pa dothi. Anakwiya mpaka anapita kwawo ku Thuchila, n'kukhalako sabata zitatu. Kutchalitchi nako anawadziwa. Anaimitsa ntchito yofolera kwa zaka ziwiri chifukwa chokayikira malata amene komiti inasankha, ndipo akhristu ankapemphera chiperoni chikuwadonthera m'khosi. Chowawa n'chakuti malata amene anawakanawo anachitadi dzimbiri msanga pa nyumba za ena amene anawagula. Munthu wamakani akalondola kamodzi, mudzi wonse umavutika naye zaka khumi.

Pa unyamata wawo anali mmodzi mwa amuna amene ankatsitsa matabwa a mkungudza kuchokera pamwamba pa phiri. Ankanyamuka kusanatenthe, opanda nsapato, n'kutsika ndi thabwa lalitali pamutu, akuthamanga pang'onopang'ono kuti lisawapindire khosi. Mtengo umenewu ndiwo unali muyezo wawo wa zinthu zonse, chifukwa chiswe sichiudya ndipo fungo lake silitha. Munthu wabwino ankamutchula kuti ndi mkungudza. Wabodza anali paini, wooneka bwino chaka choyamba. Ine, malinga ndi tsiku, ndinkakhala bulugamu: wothandiza, koma wong'ambika msanga dzuwa likaomba.

Chaka chimene ndinabereka mwana wanga Takondwa, anaterereka pathanthwe lonyowa akutsika ndi thabwa. Anathyoka fupa la ntchafu, kumtunda kwenikweni polumikizana ndi chiuno. Anzawo anawanyamula pa thabwa lomwelo mpaka kumsewu. Ku Blantyre madokotala anati fupalo silingalumikizikenso, ndipo adula mutu wakewo n'kuikapo wachitsulo. Ali chigonere anapempha kuti achione. Anawabweretsera chofanana nacho: mutu wobulungira ngati dzira la nkhanga, ndi mchira wolowa m'kati mwa fupa. Anachigogoda ndi chala, anachinunkhiza, n'kufunsa kuti chimatha mvula zingati. Dokotala anati khumi ndi zisanu, mwina makumi awiri. Nthawi yoyesa panalibe. Moyo wawo wonse ankabwereza kuti chitsulo chimenecho ndicho chinthu chokhacho chimene anachilandira osachiyesa, ndipo ankanena zimenezi ngati munthu woulula tchimo.

Chinawayendetsa ndithu. Kuphiri sanakwerenso, koma anaphunzira kupala timabokosi ta mkungudza togulitsa kwa alendo, ndipo ankapita pansi kumsika, kumaliro ndi kutchalitchi. Zaka makumi awiri zija zinadutsa iwo akuyendabe, n'kuwonjezerapo zina. Kenaka anayamba kudzuka pampando mogwira bondo. Mwendo unafupika, phazi linayamba kuloza kunja. Sanadandaule, koma ukawadzidzimukira unkawapeza atatseka maso, mano ali gwa.

Ndinawakakamiza kupita ku Blantyre. Dokotala amene tinamupeza anali mayi wachichepere, wolankhula mosazungulira. Anaika chithunzi cha mafupa awo pagalasi lowala n'kutionetsa kamzere kakuda kozungulira mchira wa chitsulo chija. Anati chitsulo chikamakhulana ndi malo ake zaka zambiri, pamatuluka fumbi losaoneka ndi maso. Thupi limayesa kulichotsa, likalephera limayamba kudya fupa lozungulira, ndiye chitsulo chimayamba kugwedera.

"Utuchi," anatero amalume.

"Eya, agogo, tinene kuti utuchi. Fupa likadalipo lokwanira kugwira chitsulo chatsopano. Koma musachedwe. Tikulembani pamndandanda, tikakuimbirani mubwere."

Nkhani yake inali yomveka ngakhale kwa ine wothyola tiyi: akapita msanga ayendanso, akachedwa fupa litha ndipo sadzayendanso. Anavomera pamaso pa dokotala. Ndikukhulupirira kuti akanapita, pakanapanda Khirisimasi ya chaka chimenecho.

Takondwa anabwera kudzapuma kuchokera ku Joni, kumene ankachita maphunziro apamwamba a zinthu zimene madokotala amaika m'thupi mwa anthu. Agogo akewo ankamunyadira kuposa wina aliyense, ankati m'banja lonse ndi yekhayo amene anatengera mutu wawo. Masana ena titakhala pakhonde tikusenda nandolo, anatulutsa m'chikwama kachidutswa kakuda, kosalala, kakang'ono ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Kanali kothyoka pa zoyesa zake, ndipo anakabweretsa kuti andionetse ine mayi wake chimene amachita kumeneko.

"Agogo, m'kati mwa pulasitiki uyu tasakanizamo timapaipi ta kaboni. Kaboni ndi chinthu chomwe chija chili m'makala. Timapaipito n'tating'ono kwambiri, moti tsitsi limodzi mutaling'amba kambirimbiri, kachidutswa kake kangakhalebe kakakulu. Koma n'tolimba kuposa chitsulo, komanso n'topepuka. Tikufuna kuona ngati tingathandize kuti chiuno ngati chanucho chizikhala nthawi yaitali osaperepeseka."

Amalume anakatembenuza, anakagogoda pa dzino, anakayang'anitsa padzuwa.

"Kulimba ndamva, mwanaka. Chilichonse chokhulana chimatulutsa utuchi, ngakhale mwala. Ndiye utuchi wa makala akowa umapita kuti?"

Takondwa anaika pansi lichero. Ndinaona nkhope yake ikuwala ngati ya munthu amene wapeza mnzake kuchilendo.

"Funso limenelo, agogo, ndi lomwe likutisowetsa mtendere tonse kumeneko. Timapaipi tina tatitali titalowa m'mapapo mwa mbewa zoyeserapo, munatupa, chifukwa thupi silitha kutisungunula. Tina tikatikonza mwanjira ina thupi limatilandira, fupa limameranso bwino pamwamba pake. Koma zoti utuchi wake ungachite chiyani m'chiuno mwa munthu zaka makumi awiri, palibe akudziwa."

"Mbewa inu mumayeserapo mankhwala? Ife kuno timapsereza." Anaseka, kenaka anafunsanso. "Mwa munthu munaikamo kale?"

"M'chiuno ngati mwanumu ayi. Sizinafike pamenepo. Mpofunika kuyesa zaka zambiri."

Amalume anagwedeza mutu mokhutira. Anati n'chimodzimodzi kalongonda: chakudya chabwino, koma amene anayamba kudya asanadziwe kuti uyenera kumuphika tsiku lonse n'kumataya madzi, anazunguzika mutu, ndipo panafunika munthu wodekha kuti apeze njira yake. Ine pa zonsezo ndinamva chinthu chimodzi, chakuti zinthuzo sizinafike. Iwo anamva china, chakuti mpofunika kuyesa, ndipo kuyesa inali ntchito yawo. Anapempha kachidutswa kaja kuti kakhale chikumbutso. Mwana anawapatsa ndi manja awiri.

Patatha sabata Takondwa atabwerera, ndinafika kuchokera kumunda wa tiyi n'kupeza mbuzi yawo yofiira, yothena, itamangidwa nsanza m'khosi, ikundiyang'ana ngati ikufuna kundiuza mlandu. Amalume anali pakhonde akupukuta mpeni. Anandifotokozera modekha kuti dothi lingayese msomali, koma silingayese chinthu chokakhala m'nyama. Ndiye anawiritsa mpeni, singano, ulusi ndi kachidutswa kaja, anang'amba chikopa kuseri kwa khosi la mbuzi, n'kukasokerera m'katimo. Dzanja lothena mbuzi anali nalo kuyambira kale, ndipo bala linali laukhondo, zimenezo sindingawanamizire. Anati pakatha mvula zisanu adzatsegula. Akadzapeza kuti nyama ili bwino, adzapita ku Blantyre kukauza madokotala kuti amuikire makala a mdzukulu wake. Chitsulo chachiwiri chosayesa sachifuna.

"Amalume, mwapenga kodi? Dokotala anati musachedwe."

"Dokotala ndi mwana wadzana. Chitsulo chawo chija si ndi chomwechi chikundidya? Ukufuna ndikalandirenso mng'ono wake?"

"Chakuyendetsani zaka zonsezi!"

"Iwe Esinati, usamang'ambike msanga."

Kuyambira tsiku limenelo mbuzi ija inakhala mfumu pakhomo. Anthu anaipatsa dzina loti Dokotala. Sinkaloledwa kupita kudambo ndi zinzake kuopa agalu ndi akuba, ndiye udzu wake ndinkamweta ine, nditaweruka ku tiyi, msana ukuwawa. M'mawa uliwonse ankaiitana, n'kupapasa kachotupa ka m'khosi kaja, kuiyang'ana m'maso, kufufuza ndowe zake ndi kamtengo. Ikatsokomola, nyumba yonse inkadwala. Ine ndikatsokomola ankati ndimwe madzi otentha.

Foni ya kuchipatala inalira kawiri. Ulendo woyamba amalume anati chimanga chili m'munda, munthu sangachoke. Ulendo wachiwiri ndinagwirizana ndi mwini galimoto wina wa ku Chitakale kuti adzawatengere pakhomo penipeni. Ndinawachapira zovala, ndinalongedza chikwama. Galimoto inafika, inaima pansi pa mtengo wa mango, injini ikulira. Iwo anavala jekete, anakhala pampando wawo, n'kupinda manja.

"Tiyeni, amalume, munthu akudikira."

"Mvula ziwiri zokha zadutsa."

"Ndionetsetse anathetsa nkhosa, amalume. Inu mutha ndi mwendo."

Anandiyankha m'Chilomwe, chimene ankachisungira masiku okwiya, ndipo ine ndimangochimva mwapatalipatali. Ndinatolapo mawu oti mwana wa mlongo salamula mwini mbumba. Ndinagwada pamaso pawo, ine mayi wa imvi, n'kuwagwira mapazi. Anayang'ana kuphiri. Woyendetsa galimoto anadikira ola lathunthu, kenaka anazimitsa wailesi, anandipepesa ngati wolakwa ndi iye, n'kubwerera. Tsiku limenelo sindinawaphikire. Anadya makaka ouma, osadandaula, ndipo kusadandaulako kunandipweteka kuposa kutukwana.

Takondwa atamva za mbuzi analira pafoni. Ndinaika foniyo pa mawu okweza kuti amve okha.

"Agogo, chonde. Zimene tikuchita kuno mwina zidzafika kuchipatala ine nditakalamba, mwinanso sizidzafika n'komwe. Ngakhale mbuziyo itakhala bwino, palibe dokotala angakuikeni zimenezi. Chitsulo chimene akufuna kukupatsanicho ndicho choyesedwa, chakhala mwa anthu ambirimbiri. Pitani."

"Usalire, mwanaka. Iwe pitiriza kumeneko, ine ndipitiriza kuno. Tidzaphatikiza."

Ndaganizira kambiri chimene chinawagwira. Mantha a mpeni analipo, chifukwa ulendo woyamba uja anadzuka akusanza masiku atatu ndipo sanaiwale. Kunyada nako kunalipo, kofuna kudzayenda mumsika ndi chinthu cha mdzukulu wawo m'thupi. Koma chachikulu, ndikuona, chinali chakuti m'moyo wawo wonse palibe wophunzira amene anaikapo pansi lichero chifukwa cha funso lawo. Anthu ankawaseka ndi zikhomo zawo zija. Mwana uja, osadziwa, anawauza kuti anthu a mayunivesite akufunsa funso lomwelo, ndipo munthu wokalamba sabweza msanga ulemu wotero.

Ndidumphe pang'ono ndinene za pamaliro, chifukwa anthu amakamba nkhani imeneyi molakwika. Ndiwo zitachepa, akuluakulu anati Dokotala aphedwe, mwini wake wapita. Amayi ena ophika anakana, amvekere nyama ya mankhwala achizungu sadya. Adzukulu okumba manda anati iwo adya, afe ndi iwowo. Posenda chikopa, amuna anaunjikana kuti aone. Kachidutswa kaja anakapeza katakutidwa ndi kanyama koyera kopyapyala, ndipo atang'amba kanatuluka kakuda bii, kosalala, ngati kalowa dzulo. Nyama yozungulira inali yofiira bwino. Panamveka phokoso losayenera pamaliro. Ena amvekere a Tiyese apambana, makala aja ndi abwino, akanangokhala ndi moyo chaka china akanayenda. Mpaka lero ku Likhubula kuli anthu amene amakhulupirira zimenezo.

Takondwa anali atafika m'mawa womwewo. Anakalandira m'manja, anakayang'ana nthawi yaitali. Ine, ndi mtima wanga wa bulugamu, ndinamuuza pamaso pa anthu kuti asunge bwino makala akewo, adya kale munthu mmodzi. Mawu amenewo sindinawabweze mpaka lero, ngakhale timalankhulana Lamlungu lililonse. Mwanayo sananame ngakhale liwu limodzi. Kulakwa kwake kunali kuyankha moona funso labwino.

Chimene anthu aja sankadziwa n'chakuti mwiniwake anali atagamula kale mlandu wa mayesowo. Chinali chaka chachitatu, nthawi yotentha, masana. Pamenepo n'kuti akuyenda ndi ndodo ziwiri, ndipo kuwasambitsa, kuwadzutsa ndi kuwapaka mankhwala inali ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku. Ndinkasesa m'nyumba pamene anandiitana ndi mawu achilendo, otsika. Ndinawapeza atakhala pafupi ndi chitseko, akuchikankha n'kuchikoka, akuyang'ana mahinjesi. Pansi pa hinjesi ya m'munsi panali kamulu ka fumbi lofiira.

"Taona apa. Hinjesi iyi ndi inzake imene ndinakwirira kuseri ndinagula tsiku limodzi. Ya kuseri ija chaka chatha inali yathunthu. Iyi yadyeka."

"Ndiye?"

"Ya kuseri imangogona. Iyi imagwira ntchito." Analoza kukhola ndi ndodo. "Chinthu chija m'khosi mwa mbuzi chikungogona, Esinati. Sichikhulana ndi kanthu. Mbuziyo siyendera khosi. Utuchi uchokera kuti? Ndinafunsa ndekha funso, n'kuyesa china."

Ndinkaopa kuti ndikatsegula pakamwa patuluka zaka zitatu za udzu.

"Ndalakwitsa mayeso," anatero. "Konza ulendo wa ku Blantyre."

M'zaka zonse zimene ndinawadziwa, sindinawamvepo akuvomera kulakwa, kaya kwa akazi awo, kaya kwa abusa. Ndinayembekeza kuti ndisangalala. M'malo mwake ndinamva chisoni chachikulu, moti ndinatuluka n'kukaima kuseri kwa khitchini mpaka misozi itauma.

Tinapeza dokotala yemwe uja. Anatizindikira, ndipo sanatikalipire, ngakhale ndikanakonda akanatero. Anawajambulanso, anawayeza mtima, n'kutiitanira m'kachipinda. Pachithunzi chatsopanocho kamzere kakuda kaja kanali katasanduka dambo. Fupa lozungulira chitsulo linali lopyapyala ngati chinangwa chofumbwa. Anati palibenso pogwira chitsulo chatsopano, ntchito yomanga fupalo ndi yaikulu kwambiri, ndipo mtima wawo sungapirire maola ochuluka chotero patebulo. Anati awapatsa mankhwala ochepetsa ululu. Analankhula pang'onopang'ono, akuyang'ana iwo, osati ine.

Amalume anapempha kuti awayandikizire chithunzicho. Anatsata chitsulo chija ndi chala kuyambira kumutu mpaka kumchira.

"Adokotala, ndifunse. Chitsulochi chathyoka penapake?"

"Ayi, agogo. Chitsulo chili bwinobwino."

"Chapindika?"

"Ayi."

"Anzanu aja anati mvula makumi awiri. Chapitirira." Anagwedeza mutu kangapo. "Ndiye sichinandinamize. Ndinachinenera zoipa chabe. Watha ndine."

Anathokoza dokotala ndi manja awiri, monga ankachitira akagula chinthu chabwino. Tinakwera minibasi kubwerera kwathu. Titadutsa Thuchila, phiri litayamba kuoneka lonse, anandigwira dzanja n'kunena kuti ndisamuuze Takondwa za hinjesi, angadzione ngati wolakwa. Ndinasunga mawuwo miyezi khumi ndi inayi imene anakhalabe ndi moyo. Mbuzi anapitiriza kuidyetsa okha ndi dzanja, koma khosi lake sanalipapasenso.

Nyumba yawo sitinagwetse, ndipo mng'ono wanga amasungiramo chimanga. Pakhomo pali chingwe cha sisal chimene anamangitsa ndodo zitawakanika, chochokera pa mzati wa khonde, kudzera pa mtengo wa mango, mpaka kuchimbudzi. Anakana njinga ya olumala, anakananso kuti ndiziwabereka. Ankagwira chingwecho ndi manja onse awiri n'kumadzikoka, phazi labwino likuponda, linalo likukwekwereka pambuyo. Ulendo wa mapazi makumi atatu unkawatengera nthawi yoti madzi n'kuwira pamoto, ndipo sankalola munthu kuwayang'ana. Chingwecho chinada ndi thukuta la m'manja mwawo, ndipo pali malo asanu pamene chinanyololoka kwambiri, pomwe ankaima kuti apume.

Pansi pake phazi lokwekwereka lija linakumba kangalande kosaya, kowongoka ngati kojambula ndi khasu. Udzu wamera pabwalo ponse koma m'menemo sunamere, dothi lake linalimba kwambiri. Mvula ikagwa, madzi a padenga amatsata kangalandeko kuchokera pakhonde mpaka kuchimbudzi, amafika m'kanthawi kochepa, osapuma paliponse. Anansi anandiuza kuti ndithiremo dothi ana angapunthwe, ndipo chingwecho ndimasule kapena ndiziyanikapo zovala. Ndimavomera nthawi zonse. Chikadali pamenepo, pa msinkhu wa manja awo, ndipo ndikamapita kukatenga chimanga ndimawerama n'kudutsa pansi pake.